Kodi Nshawa Zathu Adzatiyezera Ndani?

Makolo ambiri kuno ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi, mwana akakhoza bwino mayeso omaliza a sekondale, amadziwa ntchito zitatu zokha zomufunira: udokotala, uloya ndi uinjiniya. Mwana akabwera ku tchuthi nanena kuti ku yunivesite akuphunzira kemisitiri, bambo amayamba akhala chete, kenaka nafunsa kuti, "Tsono ukamaliza udzagwira ntchito yanji?" Funso limeneli n'loyenera ndithu, pakuti munthu amene anagulitsa ng'ombe kapena matumba a chimanga kuti mwana wake akafike ku Lusaka ali ndi ufulu wofunsa. Mwezi uno tafuna kuliyankha, ndipo yankho lake tiliyambira pafupi, m'nkhokwe zathu zomwe, chifukwa m'menemo ndi mmene ntchito ya mwanayo ikumudikira.

Chiphe chosaoneka ndi maso

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa m'mwezi umodzi chifukwa cha kudya chakudya chopangidwa ndi chimanga choipa. Boma litatenga ufa ku zigayo zikuluzikulu kuti likauyeze, pafupifupi theka la timatumba 25 timene tinayezedwa tinapezeka ndi chiphe chotchedwa aflatoxin chopitirira muyezo, ndipo ufa wina unachotsedwa m'masitolo. Chinali chaka cha chilala chija chimene boma linachitcha tsoka la dziko lonse mu Febuluwale, ndipo mbewu zimene zavutika ndi dzuwa m'munda ndizo zimagwidwa msanga ndi chuku.

Chuku tonse timachidziwa: ndi chija chimamera pa nsima yogona, pa chimanga chosungidwa chisanaume, ndi m'kati mwa nshawa zimene zanyowa. Mtundu wina wa chuku, umene akatswiri amautcha Aspergillus flavus, umakhala m'nthaka, ndipo ukalowa m'nshawa kapena m'chimanga umasiyamo chiphe. Kuipa kwa chiphechi n'kwakuti sichitha ndi moto. Mungakazinge nshawazo, mungazisinje n'kutendera ndiwo, mungaphike phala mpaka kuwira, chiphe chimakhalabe momwemo. Ng'ombe ikadya gaga woipa, mbali ina ya chiphecho imatulukira mu mkaka. Munthu akadya chambiri nthawi imodzi chiwindi chake chimaonongeka ndipo atha kufa, monga zinachitikira kum'mawa kwa dziko la Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira ndi chimanga cha m'minda yawo yomwe. Akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chiphecho chimabweretsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa iwo amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo ofufuza apeza kuti ana odya chakudya chotere kawirikawiri amapinimbira.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nshawa zofota ndi zakuda tingathe kuzisankha pa lichero, ndipo kusankhako kumathandiza kwambiri. Koma zilipo zina zooneka bwino zimene zili ndi chiphe, ndipo lilime silingatiuze, mphuno singatiuze. Amene angatiuze ndi munthu yekhayo wodziwa kuyeza.

Dziko lapansi linachidziwa chiphechi kudzera mwa anthu a kemisitiri. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa m'mafamu a ku England, ndipo popeza palibe amene anadziwa chifukwa chake, matendawo anangowatcha "Turkey X". Atalondola chakudya cha nkhukundembozo anapeza kuti munali zotsalira za nshawa zochokera ku Brazil. Akatswiri anazisungunula, nalekanitsa zinthu za m'kati mwake chimodzichimodzi, mpaka anapeza kanthu kena kamene kamawala mobiriwira akakaunika ndi nyali ya mtundu wa ultraviolet. Pofika 1963 anali atadziwa mapangidwe ake onse. Kuyambira pamenepo maiko ogula nshawa anayamba kuika malire.

Malire amenewo ndi opyapyala koopsa. Ku Ulaya, nshawa zoti anthu adye siziyenera kukhala ndi aflatoxin woposa magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Kuti timve bwino, tiyerekeze matumba 20,000 a makilogalamu 50, amene angadzaze nyumba yaikulu yosungiramo mbewu. Mwa matumba onsewo, chiphe chololedwa ndi magalamu 4 okha, kulemera kwa shuga wa pa supuni yaing'ono. Achikulire amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nshawa za Chalimbana zochokera m'chigawo chathu chino zinkapita ku Ulaya ndipo zinkatamandidwa chifukwa cha kukula kwa maso ake. Msika umenewo unatitayika pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi malire a chiphe amenewa. Mlimi wa kwa Mpezeni kapena wa kwa Mkanda angalime bwino chotani, ogula akunja sadzakhulupirira mawu ake, adzakhulupirira pepala lochokera ku labotale.

Ntchito imene yayambika kale

Pafupi ndi mzinda wa Chipata pali Msekera, malo a boma ofufuzira za ulimi amene ali pansi pa bungwe la ZARI. Nshawa za MGV4 ndi MGV5 zimene alimi ambiri amabzala zinatenga dzina pamenepo, pakuti chilembo choyamba chikuimira Msekera. Akatswiri a kumeneko akhala akugwira ntchito limodzi ndi a bungwe la ICRISAT amene ali ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe. Pakati pa 2012 ndi 2014 ofufuza a ICRISAT ndi anzawo anagula mabotolo 954 a chiponde cha m'masitolo, cha mitundu 24, chopangidwa muno ndi chochokera kunja. Anachigula ku Chipata, Mambwe, Katete, Petauke, Nyimba ndi Lusaka. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2016, zinaonetsa kuti mitundu yambiri inali ndi chiphe chopitirira muyezo, ndipo ofufuzawo anapempha kuti chiponde chiziyezedwa kawirikawiri.

Palinso mankhwala otchedwa Aflasafe, amene bungwe la IITA linapanga mothandizana ndi akatswiri a muno. Nzeru yake njodabwitsa: amatenga chuku cha m'nthaka yathu yomwe, cha mtundu wosabala chiphe, nachipaka pa mapira, ndipo mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala imodzi milungu iwiri kapena itatu mbewu zisanachite maluwa. Chuku chabwinocho chimalanda malo a choipa. Koma kuti tidziwe ngati mankhwalawo agwira ntchito m'munda wakutiwakuti, tibwereranso pomwe paja, pa munthu woyeza.

Kafukufuku wa mwana wa chaka chomaliza

Digiri ya kemisitiri ku University of Zambia imatenga zaka zinayi, ndipo m'chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku wakewake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Apa ndi pamene mwana amasiya kuloweza zimene ena anapeza nayamba kufunsa funso lake limene yankho lake silili m'buku lililonse. Tiyeni tione mmene mwana wa kuno kwathu angachitire kafukufuku wotere, kuti makolo adziwe chimene ndalama zawo zikugula.

Tinene kuti funso lake ndi ili: kodi kuwaza madzi pa nshawa kuti zisendeke msanga, monga amachitira ambiri, kumaonjezera chiphe motani? Pa tchuthi adzapita ku msika wa Kapata ndi m'midzi ingapo, nadzagula nshawa zosendedwa zouma ndi zina zosendedwa zitanyowetsedwa. Sadzatapa pamwamba pa thumba pokha, chifukwa chiphechi sichimwazika mofanana: nshawa imodzi yoipa ikhoza kukhala ndi chiphe chochuluka kuposa zinzake zikwi zingapo. Choncho adzatapa pamwamba, pakati ndi pansi, nadzalemba tsiku, malo ndi kasungidwe kake. Akabwerera ku labotale adzasinja nshawazo, nadzayeza magalamu owerengeka pa sikelo, nadzazisakaniza ndi madzi ndi mankhwala otchedwa methanol amene amasungunula chiphecho, kenaka nadzasefa. Madzi osefedwawo angawayeze ndi kapepala kofanana ndi kaja amayezera malungo ku chipatala, kapena ndi makina otchedwa HPLC amene amalekanitsa mitundu inayi ya chiphechi ndi kunena kuchuluka kwa uliwonse.

Zimenezi sazichita kamodzi. Adzabwereza kawiri katatu, ndipo adzayezanso madzi amene kuchuluka kwa chiphe chake n'kodziwika kale, kuti atsimikize kuti makinawo sakunama. Tsiku lina magetsi adzazima ntchito ili pakati. Tsiku lina mankhwala adzatha, nadzadikira milungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndiko phunziro lalikulu la chakacho. Pomaliza adzalemba lipoti, nadzaima pamaso pa aphunzitsi ake kuyankha mafunso ovuta. Atha kupeza zimene amayembekezera, athanso kupeza zosiyana nazo, ndipo adzaphunzira kuti zimene wapeza ndizo ayenera kulemba.

Mafunso otere ali paliponse m'dera lathu. Madzi a m'zitsime zosazama za m'makomboni ali ndi chiyani m'nyengo ya dzinja? Mankhwala opopera thonje ndi tomato amatsalira ochuluka bwanji pa ndiwo zogulitsidwa pa msika? Nthaka imene yathiridwa feteleza zaka makumi awiri yafika pati ndi asidi, ndipo ifunika laimu wochuluka motani? Mwana wokulira kuno ali ndi mwayi umene mnzake wa m'tauni alibe, pakuti amadziwa mmene agogo ake amasungira nshawa, amadziwa chinenero cha alimi, ndipo alimiwo adzamutsegulira nkhokwe zawo. Wolemba ntchito akadzamufunsa chimene anachitapo ndi manja ake, kafukufuku ameneyu ndiye adzamulankhulira.

Ntchito za m'boma

Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu akuda okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966, ndipo Mzambia woyamba kuitsogolera, kuyambira 1969, anali wasayansi wochokera ku Lundazi, Pulofesa Lameck Goma. Mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe la National Council for Scientific Research, limene pambuyo pa lamulo la 1997 linasanduka NISIR. Kumeneko akatswiri amafufuza za madzi, za chakudya, za zomera ndi za zipangizo za m'mafakitale.

Ku Lusaka kuli labotale ya unduna wa zaumoyo imene imayeza chakudya, zakumwa ndi madzi. Munthu akafa mokayikitsa ndipo apolisi akuganiza kuti anadyetsedwa chiphe, umboni wa katswiri wa kemisitiri ndi umene khoti limamva. Bungwe la ZABS limalemba miyezo ya katundu ndi kumuyeza. Bungwe la ZAMRA limaona ngati mankhwala olowa m'dziko ali enieni, chifukwa mbulu wa malungo wopanda mphamvu umapha mwana mofanana ndi malungo omwewo. Bungwe la ZEMA limayeza utsi wa m'mafakitale ndi madzi a m'mitsinje. Ku Mount Makulu, kufupi ndi Chilanga, amayeza nthaka ndi feteleza. Pa thumba la D Compound pamalembedwa manambala 10, 20 ndi 10, pa la urea pamalembedwa 46, ndipo manambala amenewo ndi lonjezo la chakudya cha mbewu chimene chili m'katimo. Wogulitsa wachinyengo akasakanizamo mchenga, mlimi amadziwa chimanga chitayamba kale chikasu, pamene labotale ikanadziwa mbewu isanabzalidwe.

Ngakhale madzi a m'mipope ya mu Chipata, amene ambiri amachokera ku damu la Lutembwe, amadutsa m'manja mwa oyeza a Eastern Water and Sanitation Company. Klorini akachepa tizilombo timapulumuka, akachuluka anthu amadana ndi fungo nabwerera ku zitsime. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 nupha oposa 700, mpaka bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Madokotala ndi anamwino anagwira ntchito yaikulu pamenepo, ndipo tiwathokoze. Koma dokotala amakumana ndi munthu atadwala kale. Woyeza madzi akagwira bwino ntchito yake, odwalawo safika n'komwe ku chipatala, ndipo ndi chifukwa chake dzina lake silimveka.

Ntchito za m'makampani

Mkuwa ndiwo umabweretsa ndalama zambiri zakunja m'dziko lino, ndipo mgodi uliwonse, kaya ku Mufulira, ku Chingola, ku Kansanshi kapena ku Lumwana, uli ndi labotale yogwira ntchito usana ndi usiku. Mwala ukatuluka pansi, woyeza ndiye amanena kuchuluka kwa mkuwa umene uli m'katimo, ndipo pa nambala yakeyo pamatsamira mtengo wogulitsira ndi msonkho wa boma. Ku Chilanga amapanga simenti, ndipo simenti yosayezedwa bwino imagwetsa nyumba. Ku Kafue kuli fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia imene inatsegulidwa mu 1970. Ku Nakambala, kufupi ndi Mazabuka, amapanga shuga, ndipo kuyambira 1998 lamulo limafuna kuti shuga wa pakhomo akhale ndi vitamini A woteteza maso ndi thanzi la ana. Alipo munthu amene ntchito yake ndi kutsimikiza kuti vitaminiyo alimodi. Opanga mafuta ophikira, sopo, zakumwa, penti ndi chakudya cha nkhuku onse amafuna oyeza. Kuno kwathu komwe, bungwe la COMACO limagula nshawa kwa alimi ndi kupanga chiponde cha It's Wild mu Chipata, ndipo wopanga chiponde aliyense wofuna msika wabwino sangathawe kuyeza chuku.

Kuti tione kumene njira imeneyi ingafikitse munthu, tikumbukire Pulofesa Kelly Chibale. Iwo anabadwira m'boma la Mpika mu 1964, m'banja losauka, ndipo anamaliza maphunziro a kemisitiri ku University of Zambia mu 1987. Ntchito yawo yoyamba inali pa fakitale ya Kafironda, kufupi ndi Mufulira, yopanga zophulitsira miyala m'migodi. Kuchokera pamenepo anapeza thandizo lokaphunzira ku Cambridge, ndipo pambuyo pake anakakhala mphunzitsi ku University of Cape Town, kumene mu 2010 anayambitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano. Mu 2012 gulu limene iwo ankatsogolera, mothandizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, linalengeza mankhwala atsopano olimbana ndi malungo otchedwa MMV390048, amene pambuyo pake anayesedwa pa anthu. Anali oyamba a mtundu wotere kupezedwa ndi gulu lotsogoleredwa kuchokera muno mu Afirika. Sikuti mwana aliyense adzafika pamenepo ayi. Koma chitseko chimene iwo analowera ndi chomwecho chimene mwana wa ku Chizongwe, wa ku St Monica's kapena wa ku Chassa angalowere.

Zovuta zake tisazibise

Kwa zaka zambiri dongosolo la ku University of Zambia lakhala lakuti ophunzira a sayansi amayambira pamodzi chaka choyamba, akuphunzira masamu, kemisitiri, fizikisi ndi bayoloje, kenaka amagawidwa monga mwa kukhoza kwawo: ena ku udokotala, ena ku uinjiniya, ena ku migodi kapena ku ulimi. Chifukwa cha ichi, mwana amene watsala m'sukulu ya sayansi amaonedwa ngati wolephera, ndipo iye mwini amayenda chozolika. Maganizo amenewa ndi amene tiyenera kuwachotsa m'nyumba zathu, pakuti mwana wonyozedwa ndi makolo ake sangaikepo mtima pa kafukufuku.

N'zoonanso kuti malo a ntchito m'malabotale a boma ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Ena amadikira nthawi yaitali asanalembedwe, ena amayamba ndi kugwira ntchito yongophunzirapo yopanda malipiro okwanira, ndipo ambiri amakhala aphunzitsi a sekondale. Uphunzitsiwo tisauyese kugwa, chifukwa masukulu athu a kumidzi akusowa aphunzitsi a sayansi, ndipo popanda iwo sipadzakhala woyeza wa mawa. Makina a m'labotale ndi odula, mankhwala ake amachokera kunja, ndipo makina akaonongeka nthawi zina amakhala miyezi osakonzedwa. Makolo ayenera kudziwa zonsezi asanalimbikitse mwana.

Koma chovuta chachikulu ndi cha mumtima. Woyeza amakhala yekha ndi nambala yake. Katundu wa ndalama zambiri akalephera muyezo, padzapezeka wina womunong'oneza kuti asinthe pang'ono, poti palibe amene adzadziwe. Anthu a ku Kabwe akudziwa mtengo wa chete wotere: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake linatsala m'nthaka ya m'makomboni, ndipo ofufuza atayeza magazi a ana anapeza mtovu wochuluka moopsa, umene umaononga ubongo wa mwana. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals, kufupi ndi Chambishi, linagumuka, madzi oipawo nalowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Pambuyo pake panabuka mkangano wa kuchuluka kwa zimene zinatayika, chifukwa ziwerengero zimene mbali zosiyanasiyana zinapereka zinatalikirana kwambiri. Pa mkangano wotere, mlimi amene munda wake waonongeka alibe chida china koma katswiri wodziwa ntchito amenenso sagulika. Luso adzaliphunzira ku yunivesite, koma kukana chiphuphu amakuphunzira pakhomo, akuona mmene amayi ake amadzazira mbale yogulitsira nshawa ndi mmene atate ake amachitira ndi sikelo.

Tichitenji ife makolo?

M'mera m'poyamba. Mwana wofuna njira imeneyi ayenera kulimbikira masamu ndi sayansi kuyambira pamene walowa sekondale, ndipo ngati sukulu yake imaphunzitsa kemisitiri payokha, asaithawe chifukwa choopa kuvuta. Kumene kuli kalabu ya JETS, mlekeni alowe, ndipo akapempha botolo, mchenga ndi makala kuti apange chosefera madzi, musamuyese wosewera. Ana aakazi tisawasiye m'mbuyo. Mtsikana amene wasankha nshawa pa lichero kuyambira ali wamng'ono ali ndi maso ndi chipiriro zimene labotale imafuna, ndipo chimene chimamulepheretsa kawirikawiri ndi ntchito za pakhomo zimene timamuunjikira mlongo wake akuwerenga.

Tidziwenso kuti khomo si limodzi. Kuwonjezera pa University of Zambia, kemisitiri imaphunzitsidwa ku Copperbelt University ku Kitwe, ndipo ofuna uphunzitsi wa sayansi angapite ku Mukuba kapena ku Kwame Nkrumah. Amene sanafike pa mapointi a yunivesite angachite dipuloma ya ntchito za m'labotale ku Evelyn Hone College ku Lusaka, nadzapitiriza pambuyo pake ali pa ntchito. Bungwe la HELSB limapereka ngongole za maphunziro kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndipo mwana afunse msanga za masiku olembetsera, chifukwa safunsa anadya phula. Akakhala kale ku yunivesite, pa tchuthi chachitali alembe kalata yopempha kukaphunzira ntchito ku Msekera, ku kampani ya madzi kapena ku fakitale iliyonse imene ili ndi labotale, ngakhale asalandire kanthu. Miyezi iwiri yotsuka mabotolo pafupi ndi katswiri imatsegula maso kuposa chaka cha m'kalasi.

Ndipo pamene tikudikira kuti anawo amalize, zimene ofufuza apeza kale tizigwiritse ntchito. Nshawa tizikumbe pa nthawi yake, tiziumitse bwino zisanalowe m'thumba, ndipo tisaziwaze madzi posenda. Chimanga tisachiyanike pa dothi, ndipo tikumbukire kuti pamene a FRA amafuna chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti, chifukwa chake ndi chuku chomwechi. Matumba akhale pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma. Koposa zonse, tileke chizolowezi chogulitsa nshawa zabwino ndi kusunga zofota kuti tisinje nsinjiro za phala la ana, pakuti m'zofotazo ndi mmene chiphe chimachuluka. Zimenezo n'zotaya, ndipo ngakhale nkhuku ndi nkhumba zisapatsidwe.

Chigawo chathu chimalima nshawa zambiri kuposa chigawo china chilichonse m'Zambia, ndipo chimanga chathu chimadyetsa mizinda. Sichinthu chabwino kuti mbewu zochuluka chotere zizidalira oyeza ochepa, ambiri a iwo ali kutali makilomita oposa 500. Mwana wanu akadzakuuzani kuti wasankha kemisitiri, mufunseni za kafukufuku amene akufuna kuchita, ndipo mumutsegulire nkhokwe atapemo zokayeza.